K-38 yakale kapena 686 yatsopano? Ndithandizeni maganizo

Bambo a Tadala (South Bend):
Moni nonse pagulu pano. Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa za mfuti zazing'ono. Chiyambire chilimwe ndakhala ndikupita ku range ina kuno, malo ophunzirira kuwombera, ndi mnzanga wa kuntchito, kumangobwereka mfuti za pomwepo. Tsopano ndaganiza zogula yangayanga, ndipo mtima wagwa pa revolver, mfuti ija ya silinda yozungulira yolowamo zipolopolo. Cholinga changa n'chimodzi basi: kuwombera pepala pa mayadi 25, zipolopolo zizigwera malo amodzi. Zoyenda nayo m'chiuno ayi.

Mushopu ina muno muli ziwiri zimene zandiimitsa mutu. Yoyamba ndi Smith & Wesson Model 14-3, ija amati K-38, mpope wake mainchesi 6, yakuda, akuti ndi ya m'ma 1970. Akufuna $750. Yachiwiri ndi 686 ya kampani yomweyo, yatsopano ya m'bokosi, mainchesi 6 omwewo, pafupifupi $1,000 ndi msonkho womwe. Mwini shopu akuti zakale zinkapangidwa ndi manja, za masiku ano sizingafikepo. Mnzanga uja akuti amenewo ndi malilime a ogulitsa. Nanga ine ndimvere ndani?

aMbewe (Fort Worth):
Bambo a Tadala, ntchito mwatchulayo ndi imene K-38 inabadwira. Smith & Wesson inaitulutsa nkhondo yachiwiri itangotha, ikutchedwa K-38 Masterpiece, ndipo dzina loti Model 14 linabwera mu 1957 pamene kampaniyo inayamba kupereka manambala ku mfuti zake. Inali ya mipikisano ya chandamale, moti anachita kuonetsetsa kuti K-22, K-32 ndi K-38 zizilemera mofanana zikadzazidwa zipolopolo, kuti munthu akasintha mfuti pampikisano dzanja lisadabwe. Mukakoka hamala ndi chala chachikulu n'kukhudza trigger, imangothyoka kamodzi, osakwekwereza. Muikemo chipolopolo cha .38 Special cha wadcutter, chija chafulati kutsogolo, cholemera 148 grain, mudzaona timabowo tozungulira bwino papepala ngati taboola ndi panchi ya mu ofesi.

Koma mwini shopuyo theka akunena zoona, theka akufuna ndalama zanu. N'zoona kuti kalelo mmisiri ankakhala pabenchi ndi tupa n'kumalinganiza zitsulo za m'kati chimodzichimodzi. Funso n'lakuti m'zaka pafupifupi 50 zapitazi mfutiyo yadutsa m'manja mwa ndani. Ine sindigula dzina, ndimagula mfuti imene ili patebulo.

Nangozo (Columbus):
AMbewe, ndimakulemekezani, koma ndisiyana nanu. Za kupangidwa ndi manjazi anthu amazikokomeza. Ankalinganiza ndi tupa chifukwa makina a nthawi imeneyo sankatha kudula zitsulo mofanana ndendende. Makina a CNC a lero, oyendetsedwa ndi kompyuta, amadula chitsulo cha lero chofanana ndi cha mawa. Mmisiri wabwino wakale ankatulutsa mfuti yokoma, inde, koma si onse anali abwino, ndipo nawonso ankatopa.

Ine ndili ndi Ruger GP100, mtundu umene unayamba mu 1985. Si yokongola, trigger yake inali yolemerako ili yatsopano, koma ikamagwiritsidwa ntchito imafewa, ndipo ndikaitsamiritsa pathumba la mchenga pa mayadi 25 imaunjika zipolopolo bwino kuposa mmene manja angawa angachitire nditaimirira. Mfundo yanga ili pomwepo. Kwa munthu amene wangoyamba kumene, Model 14, 686 ndi GP100 zonse zimalunjika kuposa iye. Kusiyana kwenikweni kudzaoneka tsiku limene china chidzathyoke m'kati. Ya m'bokosi mumaitumiza kufakitale. Smith & Wesson ili ndi lonjezo lokonza mfuti moyo wonse wa mwini wake woyamba, pa mfuti zogulidwa kuyambira 1989. Ya m'ma 1970 mudzayamba kusakasaka zitsulo zakale pa intaneti, kenako kusakasaka mdala wodziwa kuzilinganiza.

Chikondi_M:
Akuluakulu nonse mukulekeranji kutchula mfumu? Colt Python basi. Enawa ndi anyamata kkkk

aMbewe (Fort Worth):
Mphwanga Chikondi, Python iti? Ziliko ziwiri. Yakale inayamba mu 1955 n'kusiya kupangidwa mu 2005. Imeneyo lero ndi ya anthu osonkhanitsa mfuti, mtengo wake umayambira m'masauzande a madola, ndipo amene waigula amaopa ngakhale kuiwombera. Makina ake am'kati ndi a mtundu wakalekale wa Colt, wa sipuling'i yooneka ngati V. Pa nthawi imene mfuti ikulira, kachitsulo kotembenuza silinda kamakhala kataikanikiza kuti isagwedezeke ngakhale pang'ono. N'chifukwa chake inkalunjika chonchija, komanso n'chifukwa chake kachitsulo kameneko kamadyeka, ndipo amisiri odziwa kukonza Colt zakale atsala owerengeka. Yatsopano inatuluka mu 2020 pa mtengo wa $1,499, m'kati anaisinthiratu, zitsulo n'zochepa komanso zolimbirapo. Ndi mfuti yabwino. Koma Bambo a Tadala akulimbana ndi $750 ndi $1,000, inu mukuwakokera ku $1,500 kuti akaboole pepala lomwelo.

Chikondi_M:
Ine ndimangonena maloto anga madala. Koma ndifunse, ija amati pinned and recessed n'chiyani? Ndimaona ikukweza mtengo pa malonda.

aMbewe (Fort Worth):
Mpaka 1982 Smith & Wesson inkaika kamsomali kopingasa pamene mpope walowa mu fulemu, komanso pa mfuti za magnum ndi za .22 inkakumba kumbuyo kwa silinda kuti mkombero wa chipolopolo uzilowa m'kati. Mu 1982 anasiya zonsezo, kupatula kukumba silinda za .22. Model 14-3 ya Bambo a Tadala ili ndi kamsomaliko, koma silinda yake ndi yosakumbidwa chifukwa ndi .38 Special. Wina akakuuzani kuti zimenezi zimawonjezera kulunjika, mumseke. Zimangosonyeza zaka za mfutiyo, ndipo osonkhanitsa amazikonda.

Mayi a Dalitso (Indianapolis):
Pepani ndilowerere. Bambo a Tadala, a kunyumba akudziwa za nkhaniyi? Muli ndi ana aang'ono m'nyumbamo. Dziko linoli nkhani za ana opeza mfuti m'dirowa timazimva kawirikawiri. Sindikuletsa, koma mu bajeti mwanumo sindinamvemo sefa.

Bambo a Tadala (South Bend):
Mayi a Dalitso, mwafunsa bwino. Mayi a Tadala anavomera, koma lamulo lawo n'lakuti sefa ilowe m'nyumba mfuti isanalowe, zipolopolo zizikhala kwina kokhoma. Sefayo ndagula kale, yomangirira pansi ndi mabawuti. N'chifukwa chake ndalama yatsala yowerengeka.

Nangozo (Columbus):
Poti ndalama ndi yowerengeka, tiyeni tiwerengere bwino. Anthu amayang'ana mtengo wa mfuti n'kuiwala kuti imadya. Mukamapita ku range sabata iliyonse n'kumatha mabokosi awiri a zipolopolo 50, chaka chisanathe ndalama ya zipolopolo za .38 idzakhala itaposa mtengo wa mfutiyo. Ndiye ngati n'zoona kuti cholinga ndi pepala basi, bwanji osaganizira .22? Model 17, imene ndi K-22 ija atchula aMbewe, kapena 617 yatsopano yolowa zipolopolo 10. Sikankha dzanja, zipolopolo zake n'zotsika mtengo kwambiri, ndipo chizolowezi chophethira ndi kugwedeza dzanja poyembekezera kulira kwa mfuti sichikugwirani.

Komabe pa ziwiri mwatchulazo ine ndingatenge 686. Imadya .38 ndi .357 Magnum zonse. Ndi yachitsulo chosachita dzimbiri msanga. Pansi pa sight (cholozera) ya kumbuyo pali kale mabowo a ma screw, ndiye maso akadzayamba kufooka mudzangomangapo red dot, kagalasi kolozera koonetsa kadontho kofiira. Model 14-3 kuti muiike chimenecho ndiye kuiboola, ndipo mukaiboola mtengo wake wagwa.

aMbewe (Fort Worth):
Achemwali, za .22 ndagwirizana nanu kotheratu. Za red dot nazonso n'zoona, ine maso anga ayamba kale kundivuta pa sight ya kutsogolo. Koma za .357 ndikane. Bambowa sakusaka gwape. Magnum adzaiwombera bokosi limodzi kuti amve kukoma kwa phokoso, kenako adzabwerera ku .38 moyo wawo wonse. Ndiye adzakhala akunyamula chitsulo cha makilogalamu opitirira 1.2 ndi dzanja lotambasula, chopangidwira mphamvu imene sakuigwiritsa ntchito. K-38 imalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndipo kulemerako kumakhala pafupi ndi dzanja. Komanso chikhokho cha .38 n'chachifupi kuposa cha .357 ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 8 a inchi. Mukamawombera .38 yambiri m'silinda ya .357, mwaye umaunjikana pampata wotsalawo, ndipo mukapanda kutsuka bwino .357 imadzavuta kulowa.

Mudziwenso chifukwa chimene 686 inabadwira. Mu 1955 Smith & Wesson inatulutsa Combat Magnum, imene pambuyo pake inatchedwa Model 19, pomvera malangizo a Bill Jordan wa Border Patrol: .357 mu fulemu yaing'ono ya K kuti wapolisi asalemedwe. Maganizo anali oti aziphunzirira .38, magnum izikhala ya pantchito. M'ma 1970 apolisi anayamba kuphunzirira magnum ya 125 grain, yotentha kwambiri, ndipo kukamwa kwa mpope, pamene chipolopolo chimalowera chikachoka m'silinda, kunayamba kung'ambika cham'munsi pamene chitsulo anachisenga kuti silinda izitsekeka. Yankho lake linali fulemu yokulirapo ya L, ndiye 586 ndi 686 za kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Vuto limene 686 inabwera kudzathetsa K-38 ilibe, chifukwa siwombera magnum n'komwe.

Che Jafali (Boksburg):
Ine ndikungowerenga n'kumasilira kuno ku Joni. Inu mumangolowa mushopu n'kutuluka nayo? Kuno lamulo la Firearms Control Act la 2000 limafuna uyambe wapeza competency certificate, ndipo imeneyo amapereka kwa nzika kapena amene ali ndi permanent residence basi. Kenako laisensi ya mfuti iliyonse payokha, kudikira miyezi. Ya section 13, yodzitetezera, imatha pa zaka 5, ya masewera pa zaka 10. Ndiye kuno munthu sulakwitsa posankha, chifukwa kusintha maganizo ndiye kuyambiranso mzere. Chodabwitsa n'chakuti ma revolver akale a .38 kuno ndi otsika mtengo, anyamata onse akuthamangira mapisito a 9mm.

Nangozo (Columbus):
Che Jafali, nakunonso si kungolowa n'kutuluka ayi. Pali fomu 4473 ndipo amakufufuza kaye kudzera ku NICS, njira ya FBI yoonera mbiri ya ogula mfuti. Ndinenenso poti pagulu pano pali ana asukulu ambiri: amene ali ndi green card amaloledwa kugula, koma amene muli pa viza ya sukulu kapena yodzacheza lamulo la federal limakuletsani, kupatula pa zifukwa zochepa zolembedwa m'lamulomo. Ndipo kugulira mnzako mfuti pa dzina lako ndi mlandu waukulu wopita nawo kundende. Wina asadzati sanamve.

aNyirenda (Leeds):
Ife kuno nkhani inatha mu 1997, pambuyo pa zoopsa za ku Dunblane za 1996, pamene munthu anawombera ana pasukulu. Mfuti zazing'ono zinaletsedwa ku England, Scotland ndi Wales. Zina mwa zimene zatsala m'makalabu ndi zija za mpope wa mainchesi 12 zokhala ndi kandodo kachitsulo kotulukira kumbuyo kwa chogwirira, kuti yonse ikwane mainchesi 24. Yonyansa zedi. Ine revolver imene ndimailakalaka ndi Webley Mark VI ya 1915, ija imathyoka pakati n'kulavula zikhokho zonse 6 nthawi imodzi. Agogo anga anali msilikali wa KAR (King's African Rifles), anakafika ku Burma mu 1944, ndipo ankasimba za mfuti zazing'ono zimene maofesala ankamangirira ndi chingwe m'khosi. AMbewe, kumeneko zimapezeka?

aMbewe (Fort Worth):
Zimapezeka aNyirenda, koma zambiri zinawonongedwa. Zitabwera kuno monga zotsala za nkhondo, zipolopolo za .455 zinali zosowa, ndiye ogulitsa anasenga kumbuyo kwa silinda kuti muzilowa .45 ACP. Mphamvu ya .45 ACP ya kufakitale imaposa imene Webley inapangidwira. Yosasengedwa ndi yodula, yosengedwa ndi yofunika kusamala nayo kwambiri. Ndi yosunga chifukwa cha mbiri, osati ya mpikisano.

Tibwerere kwa Bambo a Tadala, chifukwa sitinawauze chofunika kwambiri. Bwererani kushopuko, mupemphe chilolezo choyeza mfutiyo. Choyamba tsegulani silinda muone ndi maso anu kuti mabowo onse 6 alibe kanthu, ngakhale mwini shopu atalumbira, ndipo muziloza kumene kulibe munthu.

Mukatseka, kokani hamala pang'onopang'ono kwambiri. Mumvetsere: kachitsulo ka pansi kayenera kugwera m'kamphako ka silinda, kuti "tche", hamala isanafike kumapeto. Chitani zimenezi pa mabowo onse 6, osati limodzi. Ngati hamala yafika koma silinda ikufunika kuikankha ndi chala kuti ikhome, timing yatha, ndipo mfuti yotero imameta chipolopolo n'kumalavula tizidutswa ta mtovu m'mbali. Hamala ili chikokereni, ikankheni ndi chala chachikulu kutsogolo, mosakakamiza kwambiri. Ikagwa yokha, dziwani kuti wina anapala zitsulo za m'kati pofuna trigger yofewa, musiyeni nayo mwini wakeyo. Kenako gwedezani silinda kutsogolo ndi kumbuyo. Kugwedera pang'ono m'mbali n'kwachibadwa pa Smith & Wesson, koma kutsogolo ndi kumbuyo isamachite kumveka.

Mutenge feeler gauge ya ku galaja, yomwe ija timayezera ma valve. Mpata wa pakati pa silinda ndi mpope ukhale cha pakati pa 0.004 ndi 0.008 ya inchi, ndipo ukhale wofanana pa mabowo onse. Muunike mumpope ndi tochi. Mukaona mthunzi wozungulira ngati mphete, ndiye kuti tsiku lina chipolopolo chinatsakamira m'menemo wina n'kuwomberanso china pambuyo pake, mpope unafufuma. Muyang'anenso kumapeto kwa mpope, potulukira chipolopolo, ngati pali pobonyoka. Pamenepo pakavulala pang'ono pokha kulunjika kumatha.

Pomaliza, ma screw a chivundikiro cha m'mbali. Akakhala odyekadyeka, munalowa munthu wa screwdriver ya kukhitchini. Ndiponso muone ngati mkono wonyamula silinda ukugwirana bwino ndi fulemu mukayang'ana chakutsogolo. Ambiri amaupinda potseka silinda mokuntha dzanja monga amachitira m'mafilimu.

Nangozo (Columbus):
Zimene alemba aMbewezi muchitenso pa yatsopanoyo. Kukhala m'bokosi si umboni. Muonenso ngati sight ya kutsogolo yaima chilili, osapendekera mbali imodzi.

Chikondi_M:
Nanga kabowo ka loko kaja ka pa Smith zatsopano? Pa YouTube anthu amakatukwana koopsa.

Nangozo (Columbus):
Kanayamba mu 2001, kampaniyo itagulidwa ndi Saf-T-Hammer, imene inkapanga maloko a mfuti. Kali pamwamba pa kabatani kotsegulira silinda. Madandaulo oti kamadzikhoma kokha amamveka makamaka pa mfuti zopepuka kwambiri zowombera magnum yamphamvu. Pa 686 yolemera ikudya .38 ya chandamale ine sindingataye tulo. Ambiri amadana nako chifukwa cha maonekedwe ndi ndale za nthawi imeneyo. Chimodzimodzi zitsulo za MIM, zoumbidwa m'chikombole kuchokera ku ufa wachitsulo, zimene zinayamba kumapeto kwa zaka za m'ma 1990: anthu ankalosera kuti zizithyoka, koma mfuti zake zikugwirabe ntchito mpaka lero. Ndipo amene amati zatsopano sizithamanga akaone zimene katswiri wa mipikisano yowombera Jerry Miculek anachita mu 1999: zipolopolo 6, kudzazanso, zina 6, zonse m'masekondi 2.99, ndi Model 625.

aMbewe (Fort Worth):
Amene uja mukam'patsa chilichonse chokhala ndi silinda achita nacho zodabwitsa, achemwali, si umboni wa mfuti kkk. Koma ndikuvomereza, loko si chifukwa chokanira 686. Chifukwa changa ndi ndalama. Yatsopano mukangotuluka nayo pakhomo la shopu yasanduka yogwiritsidwa kale ntchito, mukafuna kuigulitsa mutayapo. K-38 yosamalidwa bwino inatsika kale mtengo zaka zambiri zapitazo, ndipo za mtundu umenewo sakupanganso. Mukadzatopa nayo n'kuigulitsa mudzapeza pafupifupi ndalama yanu yomweyo. $250 yotsalayo ndi zipolopolo ndi phunziro limodzi kapena awiri kwa mphunzitsi wodziwa, zimene zidzachepetse kumwazikana kwa zipolopolo zanu kuposa mfuti ina iliyonse.

Che Jafali (Boksburg):
Nanga Taurus bwanji? Kuno ndi zambiri ndipo mtengo wake ndi wa anthu.

Nangozo (Columbus):
Ndi za ku Brazil, zambiri zinatengera kapangidwe ka Smith & Wesson. Ziliko zabwino ndithu, koma pogulitsanso mtengo umagwa kwambiri, ndipo pa ntchito ya chandamale trigger ndiye zonse. Muiyese m'manja musanalipire.

Bambo a Tadala (South Bend):
Ndabwerako kushopu kuja. Mwini wake atandiona ndikutulutsa feeler gauge ndi tochi anangoseka n'kundipatsa mpando. Silinda ikukhoma hamala isanafike pa mabowo onse 6, ngakhale bowo limodzi likukhoma mochedwerapo kuposa anzake. Mpata ndi 0.006 ponseponse. Mumpope mukuwala, mulibe mthunzi. Ma screw ali bwino, hamala siikugwa ndikaikankha. Mtundu wakuda unasuluka pang'ono kumapeto kwa mpope ndi m'mphepete mwa silinda. Chogwirira chamatabwa chija kulibe, wina anaikapo cha labala. Ndinayesanso trigger ya 686 pambali pake. Si yoipa ayi, koma chala changa chasankha yakaleyo. Tagwirizana $700 chifukwa cha chogwiriracho, ndapereka ya chikole. AMbewe, bowo lochedwalo ndide nalo nkhawa?

aMbewe (Fort Worth):
Ngati likukhoma hamala isanafike, ngakhale mukukoka pang'onopang'ono, lili m'malire. Yesaninso mutakhudzitsa chala pasilinda mopepuka kuti izivutikirako potembenuka. Likakhomabe, lipirani. Likalephera, si imfa ya mfuti, mmisiri amaikamo kachitsulo kotembenuzira kokulirapo pang'ono, koma mtengo wa ntchitoyo uchoke pa $700 imeneyo. Kusuluka kwa mtundu n'kwa chikwama chachikopa, sikukhudza kulunjika. Muziipukuta ndi kansalu ka mafuta mukaigwira, chifukwa thukuta la m'manja limadyetsa dzimbiri chitsulo chakuda. Ndipo musaipatse +P, zipolopolo zija za mphamvu yowonjezera, kawirikawiri, palibe chimene pepala lingapindule nacho.

Nangozo (Columbus):
Mwandigonjetsa ndi chala chanu, chabwino kkk. Koma musanagule mabokosi a wadcutter, imbani foni ku range yanuyo. Ma range ambiri a m'nyumba saloleza zipolopolo za mtovu wosakutidwa chifukwa cha utsi wake. Akakana, funani zokutidwa ndi mkuwa kapena zopakidwa pulasitiki, za 148 kapena 158 grain, mugule bokosi limodzilimodzi la mitundu ingapo muone imene mfutiyo ikuikonda musanagule zambiri. Ndipo ndilankhule ngati namwino: mukamaliza sambani m'manja ndi sopo ndi madzi ozizira musanadye, zovala za ku range muzichapa pazokha, osanyamula Tadala musanasinthe. Mtovu umawononga ana msanga kuposa akuluakulu.

Bambo a Tadala (South Bend):
Ndaimba. Akuti m'nyumba mtovu wosakutidwa ayi, koma ku bwalo lawo lapanja amalola, limatsegulidwa mu April chisanu chikatha. Ndiyamba ndi zokutidwa za 158. Lachisanu ndikayesa za chala pasilinda zija, zikayenda bwino ndikalemba fomu.